Pikapu ya Alamu Inkakokera Kumanzere

Mayi amene anabwera kudzandiuza za pikapu ya alamu anga anakana mpando. Anaima pakhomo la galaja, chikwama chili kukhwapa, n'kudikira kuti ndituluke kunsi kwa galimoto yomwe ndinkakonza. Ndinkawadziwa. Anali mmodzi mwa amayi a geni amene amabwera ku Durban kudzagula mabulangete, nsapato ndi mapoto okagulitsa ku Limbe, ndipo kwa zaka zambiri amene ankawanyamulira katundu kuchoka m'masitolo kupita kokwerera basi anali alamu angawo.

Galaja yanga ndi dzina chabe. Ndi kabwalo kuseri kwa nyumba ina yakale cha ku Umbilo, malata ali mbali imodzi, ndipo tsiku lonse umangomva mathiraki opita kudoko. Mayiwo anayamba ayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti palibe kasitomala wina, ndi pomwe anamasula Chichewa.

"Achimwene, alamu anu atipha."

Ndinaseka, poti kayendetsedwe ka alamu ndinkakadziwa. Ndi munthu woti ngakhale wa kabaza akhoza kumupitirira n'kumupatsa moni. Koma mayiwo sanaseke. Anati dzulo lake, mvula ikuwaza, ankatsika chitunda cha ku Berea katundu ali tho kumbuyo, maloboti n'kusintha. Alamu ataponda buleki, pikapu inakhotera kumanzere ngati yakokedwa ndi chingwe, tayala n'kukwera moyenda anthu. Pamenepo panali mayi wogulitsa nthochi ndi mapeyala, mwana ali kumsana. Tebulo linagwa, mapeyala mbwee mumsewu. Mwini wake anapulumuka chifukwa anali atangosuntha kukapereka chenje.

"Anthu anatizungulira," anatero. "Ine pakamwa tseke, kuopa kuti akamva chilankhulo zifika pena. Ndiye mukudziwa zimene alamu anu anachita? Asanatuluke kukapepesa, anayamba atembenukira kumpando wa kumanzere n'kunena chapansipansi kuti, 'Pepani mayi.' Pampandopo ndinakhalapo ndine, koma sankanena ine. Maso awo sankandiona n'komwe. Ife tagwirizana, sitikweranso mpaka inu muione galimoto imene ija."

Mpando umenewo unali wa achemwali anga, akazi a alamuwo, amene panthawiyo n'kuti atatisiya chaka chapitacho. Achemwaliwo ndi amene anandiitanitsa kuno ku Joni ndili wongodziwa kumata matayala a njinga pa Bvumbwe. Anali telala. Ankasoka madiresi a zikwati ndi mayunifomu a kwaya m'kachipinda ka fulati ina yosanjikizana ku Berea, makina ali pazenera, nsalu zili paliponse mpaka pamwamba pa firiji. Pakamwa anali napo. Ukawalakwira sankasunga mumtima, ankakuuza pomwepo mapini ali kukamwa. Koma mayi wolimba mtima chotero ankaopa chinthu chimodzi, zitunda za Durban. Ankati mzinda uno anaumanga anthu oledzera, chifukwa wanzeru zake sangalambule msewu wotsetserekera m'nyanja. Alamu akangoponda buleki potsika, dzanja la achemwali linkafika pamkono wawo wamanzere, pamwamba pa chigongono, gwi! Alamu ankadandaula kuti, "Mayi, tsiku lina mudzatigwetsa, ndisiyeni ndiyendetse." Achemwali ankangoti, "Tikagwe limodzi." Ine ndinkawanena alamu kuti pikapu yawo ili ndi madalaivala awiri koma laisensi imodzi.

Tsiku limene achemwali anamwalira kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kwa kuno konyowa kuja. Anadandaula mutu, kenako anagwera pamakina. Alamu anawabereka kutsika nawo masitepe, n'kuwakhazika pampando wawo, kuwamanga lamba, ulendo wa kuchipatala. Anandiuza okha pambuyo pake kuti pa maloboti oyamba ataponda buleki dzanja lija linafika pamkono monga mwa masiku onse, ndipo mtima wawo unakhala pansi poganiza kuti zili bwino. Pa maloboti achiwiri dzanja silinabwere. Kuchipatala anangowauza kuti mayiwa afika atapita kale.

Maliro n'kulirana, ndipo Amalawi a kuno zimenezi amazidziwa. Anthu a kutchalitchi, amayi a geni, ngakhale anzathu Achisilamu a ku Mangochi amene ankasoketsa mikanjo kwa achemwali, onse anagwirana manja mpaka bokosi linakwera m'ngolo kuseri kwa minibasi. Alamu sanapite nawo. Masiku a m'pasipoti yawo anali atatha kalekale, ndipo akanatuluka pachipata sakanaloledwa kubwerera, pamene ana kumudzi ali pasukulu akuyang'anira pikapu yomweyo. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anagwirizana pafoni kuti atsale. Amene ndinaperekeza ndine, monga mlongo wa malemu.

Tisananyamuke, mkulu wina wa mumpingo anandikokera pambali n'kundilangiza kuti womwalira sayenda naye mwakachetechete ngati katundu. Umamuuza paliponse pamene mwafika, kuopa kuti angatsalire panjira. Ine zoterezi sindinkazilabadira kwenikweni, munthu wa sipanala, koma ndinachita. Pakhomo la mochale ndinagogoda bokosi n'kunena kuti, "Achemwali, tikunyamuka, tikupita kwathu." Pa Beitbridge ndinawauza. Pa mlatho wa ku Tete ndinati, "Tikuwoloka Zambezi, musaope." Pa Mwanza ndinati, "Talowa kwathu." Tinawaika m'manda kumudzi ku Thyolo, ndipo ndinabwerera ndikudziwa kuti ntchito yanga ndaimaliza.

Nditabwerako, alamu anasiya kubwera kugalaja. Kale ankabwera ngakhale popanda vuto, kudzamwa tiyi wanga n'kumandinyoza kuti makaniko wanji wopanda galimoto yakeyake. Tsopano tinkangoonana kutchalitchi, moni wa patali, iwo n'kuthamangira ku pikapu. Ndinkayesa kuti nkhope yanga ikuwakumbutsa zambiri, poti ine ndi achemwali tinkafanana mphuno ndi mpata wa mano, choncho ndinawasiya. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu akubisa galimoto kwa makaniko.

Mayi wa geni uja atandiuza nkhaniyo, Loweruka lake m'mawa ndinakwera takisi kupita ku Berea. Ndinawapeza akutsuka pikapu m'mbali mwa msewu kunsi kwa fulati. Inali yoyera mbee, koma bampala ya kumanzere inali ndi chipsera chatsopano.

"Mwadzuka bwanji alamu? Ndamva kuti mwayamba geni ya mapeyala."

Masiku akale akanandibwezera chipongwe choposa pamenepo. Tsikulo anangofinya chisanza n'kunena kuti, "Eish, amayi aja pakamwa. Msewu unali woterera basi."

"Woterera mbali imodzi? Bweretsani makiyi."

"Galimotoyi ilibe vuto, alamu. Chimene chimachitika ndikuchidziwa."

Anayang'ana m'mwamba kumazenera a fulati, n'kuyandikira pafupi nane. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene nkhani waibwereza mumtima nthawi zambiri koma sanaitulutsepo.

"Inu munawauza pa mochale kuti tikunyamuka. Munachita bwino. Koma kodi mayi anatisiyira ku mochale? Anatisiyira umu, pampando apa, pakati pa maloboti awiri. Amene anawauza kuti tsikani ndani? Anamwino anangobwera ndi bedi la matayala n'kunyamula thupi, ine n'kutseka chitseko. Mnzanga wa Chizulu wa pafulati pano akuti kwawo amapita ndi nthambi pamalo pamene munthu wathera, kukamutenga. Ife sitinatero. Ndiye maliro atapita, tsiku loyamba kugwira chiwongolero, ndikutsika apa, ndaponda buleki, ndangomva chikukokedwa kumanzere. Pang'ono pokha. Monga muja ankachitira."

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Ndinaiwala kuti tili pamsewu, Chichewa n'kuchikweza. "Achemwali ndinawaperekeza ndekha, dothi ndinaponya ndi dzanja ili! Musawasandutse mzukwa wokoka magalimoto. Munthu amene ankasokera ana amasiye mayunifomu ulele, lero angafune kupha mayi wobereka mwana?"

Alamu anandiyang'ana modabwa, ngati ndayankhula zopusa. "Sakufuna kupha munthu ayi," anatero. "Akuopa zitunda basi."

Ndinangotsegula chitseko, makiyi anali pomwepo, n'kukhala pa chiwongolero. Ndinawauza kuti akwere. Anapukusa mutu, anati kumanzereko iwo sakhalako, n'kukwera kumbuyo konyamulira katundu. Choncho ndinatsika Berea ndi giya yoyamba, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu.

Ndinali ndisanalowemo m'pikapu imeneyo chichokereni achemwali. Tepi yawo yoyezera inali ikulendewera pagalasi. Pachotchingira dzuwa cha mbali yawo panali mapini atabayidwa pamzere, ndipo pa dashibodi kachoko kolembera nsalu kankagubuduka pa kona iliyonse. Dzuwa litatenthetsa mpando, munayamba kumveka kafungo ka mafuta awo odzola aja a kamfa. Ndinatsegula zenera.

Kuseri kwa nyumba zosungira katundu cha kudoko kuli msewu wina wautali, wopanda chitunda, umene Loweruka umakhala wopanda anthu. Ndimayesera kumeneko magalimoto onse a mabuleki. Ndinayamba ndapimitsa mpweya wa matayala pa filing'i siteshoni, chifukwa nthawi zina munthu umamasula galimoto yonse pamene wolakwa ndi tayala lophwa. Mpweya unali wofanana, matayala a mtundu umodzi. Pamsewupo ndinathamanga pang'ono, n'kumasula manja pa chiwongolero osaponda kanthu. Pikapu inayenda molunjika bwinobwino, kusonyeza kuti miyendo yake ili bwino. Kenako ndinaponda buleki.

Magalimoto okoka ndayendetsa ambiri. Ena amakutsomphola chiwongolero mwaukali, ena amanjenjemera. Iyi sinatero. Inayamba mofatsa, kenako n'kulimbikira, kukokera kumanzere mosalekeza mpaka titaima, ndipo ndimati ndiyang'ane, chigongono changa chamanzere ndachipanikiza kunthiti ngati ndikuthawa kugwidwa. Thupi lonse linachita tsembwe, masana dzuwa likuswa mtengo. Sindinatembenukire kumpando uja. Ndinabwereza kangapo, ulendo uliwonse chimodzimodzi, ndipo pagalasi ndinkaona nkhope ya alamu kuseri kwa zenera la kumbuyo ikundiyang'anitsitsa, kufuna kudziwa ngati nanenso ndamva.

Ndinatuluka msanga, chifukwa zitsulo sizichedwa kuzizira. Ndinayandikitsa kuseri kwa dzanja pa tayala la kutsogolo kumanzere. Kunali ng'anjo, ndi fungo la mapadi opserera. Ndinazungulira kumanja, mbali ya dalaivala, n'kuchitanso chimodzimodzi. Kunali kofunda pang'ono chabe, moti ndinalowetsa chala n'kukhudza disiki yeniyeniyo osapsa. Apo mtima wanga unayamba kubwerera m'malo.

Kugalaja ndinakweza kutsogolo konse pa jeke n'kuchirikiza. Ndinawauza alamu kuti alowe aponde buleki, ine ndizizunguza matayala ndi manja. Anakwera mosafuna. Ataponda, la kumanzere linati nji, ngakhale nditalikakamiza ndi phewa silinasunthe. La kumanja linazungulira ndithu, molimba pang'ono koma linazungulira, phazi la alamu lili pansi. Ndinawaitana kuti adzaone. Anati akuona ali pomwepo.

Nditachotsa matayala zonse zinali poyera. Kumanzere disiki inali yonyezimira ngati mpeni wonola kumene, ya kabuluu m'mphepete chifukwa cha moto, ndipo mapadi anali atatsala kuonda ngati chikhadabo. Kumanja disiki inali ndi dzimbiri, mapadi onenepa ngati angogulidwa dzulo. Ndinayamba ndakayikira paipi ya labala yobweretsa mafuta a mabuleki, chifukwa ikakalamba imatsekeka m'kati kunja ikuoneka bwino. Ndinamasula kanipo kotulutsira mpweya, alamu n'kuponda, mafuta anathovoka bwinobwino. Paipi inalibe mlandu. Ndinafika pa kalipa, chitsulo chimene chimapana disiki ngati mbano. Timapini tiwiri timene imayendapo tinali touma gwa. Kalabala kotchinga pisitoni kanali katang'ambika, madzi analowa, ndipo pisitoniyo inali itamera dzimbiri n'kukanirira m'nyumba mwake. Mphepo ya m'nyanja ya kuno imadya chitsulo ngati chiswe.

Eni magalimoto ambiri amabwera ataweruza kale mlandu. Galimoto ikakokera kumanzere amaloza kumanzere, kuti masulani apa. Koma kawirikawiri galimoto imakhotera kumbali imene ikugwira, chifukwa inzake yalekerera. Ndinawatulutsa alamu, n'kuwagwira dzanja kuwakhudzitsa dzimbiri lija.

"Kumanzere kulibe vuto, alamu. Kwafa ndi kuno, mbali yanu. Buleki ya kumanzere yakhala ikuimitsa yokha galimoto yonseyi ndi mabelo a amayi aja, n'chifukwa chake imakoka. Onani mapadi akewa. Atsala pang'ono kutha. Tsiku limene adzathe, pa chitunda, sipadzakhala chokokera kumanzere kapena kumanja. Mudzangopita."

Anakhala pa tayala limene ndinachotsa, n'kumayang'ana chala chawo chofiira ndi dzimbiri. Patapita nthawi anafunsa kuti kalabala kaja kanang'ambika liti. Ndinati sindingadziwe. Anafunsanso kuti nanga bwanji zinayamba maliro atangopita, osati kale, osati chaka china. Yankho ndinali nalo. Nthawi ya maliro pikapu inakhala masabata osayenda, ili pamsewu mvula ikuikhuthukira, ndipo pisitoni yolowa madzi ikakhala osasuntha ndi pamene imagwira. Ndinafotokoza zonsezo momveka bwino. Alamu anagwedeza mutu.

"Sharp, ndamva," anatero. "Ndiye kuti ndi nthawi yomweyo."

Ndikanatha kukangana nawo mpaka dzuwa kulowa. Iwo sankatsutsa dzimbiri, ankaliona. Ndinangozindikira kuti zimene ndapeza ine sizikuchotsa zimene akudziwa iwo.

"Sinthani mapadi a kumanzerewo basi," anatero kenako. "Kumanjaku kusiyeni. Ndiziyenda pang'onopang'ono. Mvula ikamagwa sindizituluka."

"Ku Durban? Mvula ikamagwa simuzituluka? Ndiye muzidya chiyani?"

"Alamu, inu munawaona akulowa m'manda. Ine sindinaone kanthu. Sindinamete, kwanu sanandisudzule, manda sindikuwadziwa. Ndikalowa m'nyumba muja muli zii. Malo amene mayi amandigwirabe ndi pa maloboti pokha. Ndiye mukufuna mundilande zimenezonso?"

Sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku la mochale. Apanso sanalire. Ndinawamvera chisoni kwambiri, mpaka mkwiyo wonse unandithera. Koma ndinkaonanso mayi wa mapeyala amene sindinamuonepo, ndi kamutu ka mwana kali kumsana. Tsoka silinunkha. Ndinawauza kuti pikapu imeneyi situluka pageti langa ili chonchi, ndipo akafuna akandisumire kwa akuluakulu a mpingo kapena kwa amalume kumudzi. Ndinati ana a achemwali ataya kale mayi, sindilola kuti ndidzagogodenso bokosi lina pa Beitbridge.

Mathiraki ankadutsa kuseri kwa mpanda, malata n'kumanjenjemera. Kenako alamu anapukutira chala pa buluku n'kuimirira.

"Chabwino. Koma musayambe kumasula ali momwemo. Auzeni kaye. Ine sangandimvere, sanandimverepo. Inu ndinu mlongo wawo, munayenda nawo njira yonse."

Ndinafuna kukana. Ndinafuna kunena kuti ine ndine makaniko, si sing'anga, ndipo m'pikapumo mulibe munthu. Koma miyendo inali itayamba kale kuyenda. Ndinasamba m'manja ndi sopo pa mpopi, sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti achemwali sankalola manja a girizi pafupi ndi nsalu zawo. Ndinazungulira kumanzere n'kutsegula chitseko. Pikapu inali m'mwamba pa jeke, yopanda matayala a kutsogolo, ndipo mpando unali wokwera kuposa masiku onse. Ndinaona kuti pakati pake panali potsika pang'ono, pamene munthu mmodzi wakhalapo zaka zambiri.

"Achemwali," ndinatero. Mawu anatuluka osasa, ndinayambiranso. "Achemwali, ndine. Tafika. Zitunda zatha, kuno n'kosatsetsereka. Tsikani, kwathu akukudikirani. Alamu asiyeni ayendetse, ana akuwafuna."

Sipanachitike chilichonse. Mphepo sinawombe, tepi pagalasi sinagwedezeke. Koma ndinapezeka kuti ndasuntha chammbuyo kupereka mpata, dzanja limodzi lili pachitseko, linalo nditalitambasula pang'ono monga umachitira pothandiza munthu wamkulu kutsika pamalo okwera. Ndinaima choncho nthawi yokwanira mayi wonenepa kutembenuka, kutsitsa mwendo umodzi, kukonza chitenje, kutsitsa winawo. Palibe anandiuza kutalika kwa nthawi imeneyo. Mpaka lero ndikamatsegula chitseko cha kumanzere cha galimoto ya kasitomala, ndimazindikira kuti ndaima pambali.

Zotsalazo inali ntchito wamba. Ndinathamangira kusitolo ya masipeya asanatseke, kumene ndinayankhula Chizulu changa chothyokathyoka, n'kubwerako ndi kalipa ina, timapini, mapadi a mbali zonse ziwiri ndi botolo la mafuta. Mabuleki sasintha mbali imodzi, ukatero wangosamutsa vuto. Ndinapala dzimbiri pa disiki, kupaka girizi timapini, kumanga zonse. Potulutsa mpweya m'mapaipi pamafunika anthu awiri, wina pa pedulo wina pa nipo, ndipo panalibe wina koma alamu. Anakhala pa chiwongolero, ine ndili chogwada pansi.

"Pompani. Gwirani pomwepo. Siyani. Pompaninso."

Ankachita zonse mosaphonya, osayankhula, pedulo ikulimba pang'onopang'ono kunsi kwa phazi lawo. Ndikakumbukira tsiku limenelo, pamene pamandipweteka kwambiri ndi pamenepa. Munthu ndinamugwiritsa ntchito yochotsa chinthu chokhacho chimene anatsala nacho, ndipo anaigwira bwino.

Chakumadzulo dzuwa litapendeka tinabwerera kumsewu wa kudoko uja. Ndinayamba ndayesa ndekha kuti mapadi akhazikike, kenako ndinawapatsa chiwongolero, ine n'kukhala kumanzere. Ananyamuka mwa chizolowezi chawo, ngati wanyamula mazira. Ndinawauza kuti awonjezere moto. Atafika pakati pa msewu ndinati, "Pondani."

Pikapu inaima chilili, mphuno ili kutsogolo, chiwongolero osagwedezeka n'komwe. Kwa makaniko palibe chokoma choposa chimenecho, ndipo pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka nthabwala. Ndinaimeza nditaona manja awo. Anali atapendeketsa kale chiwongolero pang'ono kumanja, kukonzekera kulimbana ndi chikoka chimene sichinabwere, ndipo mkono wamanzere anali atautalikitsa kuthupi, chigongono chili m'mwamba, kudikira.

Ananyamukanso, n'kuponda mwamphamvu mpaka lamba anandikanikiza pachifuwa. Inaima molunjika. Anayesanso mofatsa kwambiri, monga amatsikira ku Berea. Molunjika.

"Yakhala bwino," anatero, maso ali kutsogolo. "Mwagwira ntchito, alamu. Zikomo."

"Amayi aja muwauze kuti Lolemba akhoza kukwera."

"Yebo, ndiwauza." Anayang'ana mpando umene ndinakhalapo, injini ikulira. "Tatsikani pang'ono, alamu. Mwina n'chifukwa choti mwakhalapo inu."

Ndinatsika n'kutseka chitseko. Ndinaima m'mbali mwa msewu, pakati pa makontena osanjikizana ndi mpanda wa waya, n'kumaiyang'ana pikapu ikupita. Msewu unali wopanda galimoto ina, wopanda maloboti, wopanda ngakhale galu wodutsa. Magetsi ofiira a kumbuyo anayaka, pikapu n'kuima. Anazima, inayenda pang'ono, anayakanso. Anapitiriza choncho, kuyaka, kuzima, kuyaka, mpaka kumapeto kwa msewu kumene kuli geti lotseka. Kumeneko anatembenuka n'kuyambiranso kubwera chakuno, ndipo pondidutsa sanandiyang'ane.